Mbiri ya sed, ndi kampata kamene kanagawa banja

Chiyambi chake ndi ed, pulogalamu yokonzera malemba imene Ken Thompson analemba ku Bell Labs, ku America, pamene Unix inkabadwa cha m'ma 1969. Masiku amenewo kompyuta inkayankha posindikiza papepala, choncho malamulo anali achidule: s/chakale/chatsopano/ basi, mawu asintha.

Cha m'ma 1974, Lee McMahon wa ku Bell Labs komweko anatenga malamulo a ed n'kupanga sed. Iyi sidikira munthu. Imawerenga fayilo mzere ndi mzere, n'kusintha zimene yauzidwa, n'kutulutsa zotsatira, fayilo yeniyeniyo osaikhudza. Inafalikira ndi Version 7 Unix mu 1979.

Chimene chinayamba kugawa banja la sed ndi umwini. Unix inali ya kampani ya AT&T, ndipo ofuna kugawana mapulogalamu momasuka anayenera kulemba yawoyawo. A GNU, ntchito imene Richard Stallman anayambitsa mu 1983, analemba yawo. A ku yunivesite ya ku Berkeley analandira ya Diomidis Spinellis mu 1992, imene inalowa mu 4.4BSD, kenako FreeBSD, mpaka macOS. Chaka chomwecho muyezo wa POSIX unakhazikitsa zoyenera kufanana, ndipo pa zimenezo awiriwa amamvana ndithu.

Zosokoneza zinabwera pambuyo. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, mbali zonse ziwiri zinawonjezera -i, yosinthira fayilo pomwepo. POSIX inalibe mawu pa nkhaniyi, ndiye aliyense anadzigamulira. Onse amalola kusunga fayilo yakale poiwonjezera kamchira monga .bak. Kwa a GNU kamchirako n'kosakakamiza, koma ukakafuna kamamatire ku -i. Kwa a FreeBSD n'kokakamiza, ndipo wosafuna kusunga yakale alembe -i kenako '' wopanda kanthu mkati.

Ndiye wozolowera Linux, kumene kuli sed ya GNU, akalemba sed -i 's/a/b/' pa Mac, sed imatenga lamulo lakelo ngati kamchira, dzina la fayilo n'kuliyesa lamulo. Wa Mac naye akapita ku Linux, '' uja amasanduka lamulo, s/a/b/ n'kumafunidwa ngati fayilo. Kunena zoona, palibe wolakwa apa, ngakhale njira ya GNU ndi yosavuta kukumbukira.

Mkangano wina, wa -r ya GNU ndi -E ya FreeBSD, unatha mosavuta: GNU inavomera -E, ndipo POSIX inaikhazikitsa mu 2024. Wa -i udakalipo. Ena pa Mac amangoikamo sed ya GNU kudzera mu Homebrew n'kumaitchula gsed. Ena amalemba -i.bak mophatikiza, zimene zimagwira ku mbali zonse ziwiri, kenako n'kufufuta okha fayilo yotsalayo.