Skulptur Projekte: Chionetsero cha Ziboliboli mu Mzinda wa Münster

Skulptur Projekte ndi chionetsero cha ziboliboli ndi zaluso zina za pabwalo chimene chimachitika kamodzi pa zaka khumi zilizonse mu mzinda wa Münster, chakumadzulo kwa dziko la Germany. Chachitikapo mu 1977, 1987, 1997, 2007 ndi 2017, ndipo china chikuyembekezeka mu 2027. Zalusozi zimaikidwa m'misewu, m'mapaki ndi m'mphepete mwa madzi, ndipo munthu salipira kuti azione.

Chionetserochi chidabadwa pa mkangano. M'zaka zoyambirira za m'ma 1970, mzindawu udafuna kuika poyera chiboliboli cha George Rickey wa ku America, chopangidwa ndi zitsulo zitatu zam'mbali zinayi zomwe zimazungulira mphepo ikawomba. Anthu ambiri adakwiya, ponena kuti chinthu chotere si luso. Klaus Bussmann, wogwira ntchito kunyumba yosungirako zaluso mumzindamo, sadafune kuwanyoza. Iye adaona kuti ndi bwino anthuwo akumane ndi luso lamakono maso ndi maso. Pamodzi ndi Kasper König, adaitana amisiri a m'maiko ena kuti aliyense asankhe malo mumzindamo ndi kupanga ntchito yoyenera malowo.

Mkwiyo sudathe msanga. Mu 1977 Claes Oldenburg adaika mipira itatu ikuluikulu ya konkire pafupi ndi nyanja yaing'ono ya Aasee, ndipo ena adayesa kuigubuduzira m'madzi, koma adalephera chifukwa cha kulemera kwake. Mipirayo ikadali pomwepo, ndipo lero ndi chimodzi mwa zizindikiro zodziwika za Münster.

Si zonse zimene zimatsala. Michael Asher ankangoimika kalavani, n'kumaisuntha sabata iliyonse, ndipo adabwereza zimenezi pa zionetsero zinayi zoyamba. Mu 2017 Ayşe Erkmen wa ku Turkey adamiza mlatho pansi pang'ono pa madzi a padoko, moti anthu ankawoloka ngati akuyenda pamwamba pa madzi. Chionetsero chitatha, mlathowo udachotsedwa. Chaka chomwecho amisiri a ku Africa adaliponso, monga Emeka Ogboh wa ku Nigeria ndi Hervé Youmbi wa ku Cameroon.

Nkhani yosonyeza bwino kusintha kwa mitima ndi ya kasupe wa Nicole Eisenman, wozunguliridwa ndi ziboliboli za anthu akupumula. Mu 2017 anthu osadziwika adamuwononga kangapo, mpaka kudula mutu wa chiboliboli chimodzi. Koma ulendo uno nzika za mzindawo n'zimene zidasonkha ndalama kuti kasupeyo abwerere, ndipo adaimikidwanso mu 2021.

Bussmann adamwalira mu 2019, König mu 2024. Chionetsero cha 2027 chidzakhala choyamba kuchitika popanda König, yemwe adatsogolera nawo zonse zisanu.