Choipa Chitsata Mwini: Phunziro la Dzaleka

Bungwe la United Nations linapatula masiku atatu okumbukira anthu amene anaphedwa chifukwa cha mtundu wawo. Pa 27 Januwale, tsiku limene akaidi a ku Auschwitz anamasulidwa mu 1945, mayiko amakumbukira Ayuda pafupifupi 6 miliyoni amene ulamuliro wa Hitler unapha. Pa 7 Epulo amakumbukira Atutsi a ku Rwanda amene anapululidwa mu 1994. Pa 11 Julayi, tsiku lokhazikitsidwa mu 2024, amakumbukira abambo ndi anyamata achisilamu oposa 8,000 amene anaphedwa ku Srebrenica, m'dziko la Bosnia, mu 1995.

Konseku mawu ndiwo anatsogola, zida zinabwera pambuyo. Ku Germany Ayuda onse ananamiziridwa kuti ndiwo anagonjetsetsa dzikolo pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Ku Rwanda wailesi ya RTLM inkatcha Atutsi mphemvu. Mtundu wonse ukasenzetsedwa mlandu, ngakhale khanda limasanduka mdani.

Kuno ku Mangochi mtundu sunapululidwe, komabe kaganizidwe kameneka tinakalawa. Mu Febuluwale 1965, Henry Masauko Chipembere ndi omutsatira anathira nkhondo boma la Fort Johnston, koma ulendo wawo wa ku Zomba unathera pa doko la Liwonde. Boma la Dr Banda silinalange oukirawo okha. Midzi yoganiziridwa kuti ikuwabisa inatenthedwa, ndipo anthu ambiri, kuphatikizapo a m'mudzi wa Moto, anatsekeredwa popanda kuzengedwa mlandu. Ena anakagwira ukaidi ku Dzaleka, m'boma la Dowa. Mu 1994 Dzaleka yemweyo anasanduka msasa wa othawa kwawo, ndipo mwa amene anawalandira munali ochokera ku Rwanda. Motero malo amodzi anaona misozi ya anthu a kunyanja kuno ndi ya alendo, onse ovutika chifukwa cha kumene anabadwira.

N'chifukwa chake masiku atatuwa sitingasankhepo limodzi. Mwana amene waphunzira kulira Srebrenica aphunzirenso kulira Auschwitz. Kudzudzula zochita za boma lililonse, ngakhale la Israel, n'koyenera. Koma kuika mlandu wa boma pa Myuda aliyense ndi njira yomweyo imene inaphetsa Asilamu ku Bosnia. Makolo anati choipa chitsata mwini. Kunyumba ndi kumadrasa, mwana akanena kuti mtundu wakutiwakuti ngoipa, timufunse kuti: walakwa ndani, ndipo wachita chiyani?