BELE LATHU LIDACHOKERA KUTI?

Anzanga amene tidadyera limodzi mgaiwa ndi nyemba m'zaka za m'ma 1970 mukukumbukira mmene tinkalowezera mbiri yakale mayeso a JC akayandikira. Ine ndinkatha kutchula Kalonga, Undi ndi Lundu osapumira. Ndinkadziwanso kuti Zwangendaba adawoloka Zambezi mu 1835, tsiku limene kudachita kadamsana. Koma munthu akadandifunsa dzina la amayi a agogo anga, ndikadangoti kukamwa yasa. Ndidatuluka pasukulu paja ndi satifiketi nkukagwira ntchito m'tauni zaka zambiri ndisadadzifunsepo funso limeneli.

Chimene chidandidzutsa chidachitika mu 1996. Nyakwawa ya m'mudzi mwathu, kuno ku Kasungu, idamwalira. Maliro atatha, amayi aakuluakulu adakhala pansi monga mwa mwambo kuti aone woti alowe dzina. Ine podzimva usukulu ndidatchula amalume anga, munthu wofatsa ndi wodziwa kuweruza milandu. Padangoti zii. Kenaka mayi wina wokalamba adati: "Mwana wasukulu, takhalani pansi. Bele lanu sililowa ufumu." Palibe amene adaonjezerapo mawu. Madzulo ndidafunsa amayi anga tanthauzo lake, koma iwo adangoti zinthu zina sizifunsidwa. Ndidabwerera kuntchito mtima uli myuu, ndipo ndidatsimikiza zoti ndilondole kumene tidachokera.

Poyamba ndidasochera, ndipo ndikhulupirira kuti ambiri a ife tingasochere chimodzimodzi. Ndidayamba ndi dzina la bambo anga chifukwa ndi limene lili pa masatifiketi. Koma kwa Achewa mwana ndi wa kwa mayi. Mwamuna ankapita chikamwini kumudzi kwa mkazi, ndipo ana ankayang'aniridwa ndi mlongo wa mayi wawo, mwini mbumba. Mudzi umagawika m'mabele: ana ndi zidzukulu za mayi mmodzi ndiwo bele limodzi, ndipo ufumu, minda ndi manda zimayenda motsata mabele amenewa. Tsono amene afuna kudziwa anthu oyamba kukhala pamalo ayenera kuwerenga amayi, kubwerera m'mbuyo mmodzimmodzi. Nditazindikira zimenezi ndidagula makaseti ndi mabatire nkupita kwa agogo anga aakazi, amayi awo a amayi anga.

Agogo adandilandira ndi nthabwala za masiku onse. "Amuna anga, mwabwera ndi wailesi m'malo mwa shuga?" Zaka zawo sankazidziwa, koma ankadziwa zimene adaziona, ndipo ntchito yanga idali kuika chaka pa chilichonse. Adati adayamba kuzindikira pamene amuna ankagwidwa kukasenza katundu wa asilikali pa nkhondo ya Jeremani, imene idamenyedwa kuyambira 1914 mpaka 1918. Adati mchemwali wawo adafa ndi chimfine chachikulu chimene chidabwera nkhondoyo itangotha. Adatinso asadathe msinkhu mudzi wonse udasamutsidwa kuchoka kumadzulo chifukwa cha kaodzera, nthenda yofalitsidwa ndi kashembe. Apa mpamene mbiri ya banja idakumana ndi mbiri ya dziko. Dera limene anthu adachotsedwamo boma lachitsamunda lidalisandutsa nkhalango yotetezedwa mu 1922, mu 1930 lidakhala malo osungirako nyama, ndipo mu 1970 lidatchedwa Kasungu National Park. Kotero bwinja lathu loyamba lili m'kati mwa paki, kumene lero kukuyenda njovu. M'pakimo mukadali ng'anjo zakale zosungunulira chitsulo, umboni wakuti kudali midzi ya anthu odziwa kusula makasu.

Nditamva izi ndidapita ku Zomba, ku National Archives, kumene kumasungidwa mabuku amene ma DC ankalembamo za mafumu, midzi ndi msonkho. Kumeneko ndi m'mabuku ena a mbiri ndidaphunzira zambiri za dziko la Mwase. David Livingstone adafika kwa Mwase mu 1863. Mfumuyi idakula mphamvu chifukwa cha malonda a minyanga ya njovu ndi mfuti, pakuti njira ya amalonda yochokera ku chigwa cha Luangwa kupita kwa Jumbe ku Nkhotakota inkadutsa m'dziko lake. Ndi mfuti zimenezi anthu ake adatha kulimbana ndi Angoni, ndipo dzina lakuti Nguluyanawambe limatikumbutsa nkhondo imene Achewa adapambana. Kumapeto kwa 1895 asilikali a Angerezi adagonjetsa Mwase, ndipo pambuyo pake adamanga linga lawo lotchedwa Fort Alston. Zonsezi ndidazikopera m'kope langa. Koma za amayi a m'banja mwathu sindidapezemo ngakhale dzina limodzi. Mapepala a boma ankasamala za mafumu ndi za amuna okhoma msonkho.

Ndidayesanso kutchalitchi. Uthenga wa mishoni udafika ku Kasungu ndi a Livingstonia chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, ndipo mu 1923 ntchitoyo idaperekedwa m'manja mwa amishoni a ku Nkhoma. Choncho wofufuza ayenera kufunsa mbali zonse ziwiri. M'kaundula wa ubatizo ndidapezamo agogo, koma ndi dzina la m'Baibulo limene kumudzi palibe ankawatchula nalo. Ili ndi vuto lalikulu kwa aliyense wofufuza. Anthu ankasintha mayina pachinamwali, paubatizo ndiponso polembedwa ntchito ku Halale kapena ku Joni. Ngakhale Dr. Kamuzu Banda, mwana wa boma lomweli, dzina lakuti Hastings adalitenga kwa mmishonale. Mlongo wawo wa agogo adapita kumigodi nkuchona, ndipo palibe akudziwa dzina limene adalembetsa kumeneko. Iyeyo ndidamulephera mpaka lero.

Mapepala atandithera, amalume adati tiyeni tikafunse nthaka. Anthu athu atachoka kumadzulo kuja adamanga mudzi m'mbali mwa dambo lina ndipo adakhalapo zaka pafupifupi makumi asanu. M'zaka za m'ma 1970 malo ambiri a m'boma la Kasungu adasanduka maesiteti a fodya. Lamulo la nthawi imeneyo silinkalola mlimi wamba kulima fodya wa bale mpaka 1990, kotero phindu lalikulu lidali kwa amene adatenga malo a lizi. Mudzi wathu udasunthidwanso kachiwiri, ndipo pabwinja padalimidwa mizere. Tidakapempha chilolezo kwa kapitawo wa esitetiyo, iye nkutipatsa mnyamata wotiperekeza. Kudali m'mwezi wa Febuluwale, fodya ali m'chiuno, matenanti ali kalikiliki kuthyola ndi kupachika m'zigafa. Miombo yonse idatha kalekale, ina pogwetsa minda, ina m'mabani ochizira fodya. Koma pakati pa munda padatsala kankhalango kamodzi kamene thalakitala inkakazungulira. Amenewo ndiwo adali manda athu.

Amalume adavula chipewa nkuyamba kundilozera. Pamene pali mitengo ya mango itatu mpamene padali nyumba za bele lalikulu. Pafupi ndi chulu tidatola mapale a mbiya, ndipo m'mphepete mwa mzere tidapeza mphero yosweka pakati. M'manda adandisonyeza mkuyu waukulu nati: "Apa mpamene pagona munthu woyamba kuikidwa m'manda ano. Ndi gogo wawo wa agogo ako. Koma za iye kafunse mwini wake, ine sindinganene."

Ndidapita kwa agogo kachitatu. Tsiku limenelo adandiuza kuti ndizimitse wailesi. Adathamangitsa ana pakhonde, nafwenkha fodya wawo wamphuno, kenaka adati: "Amuna anga, mwakula, imvani. Agogo anga aja sadabadwire kuno. Adachokera kutsidya, kumadzulo kwenikweni, ali kamtsikana. Adabwera ndi anthu amalonda. Mkulu wina wa m'mudzi adapereka makasu nawatenga. Adalibe mlongo, adalibe malume, adalibe kwawo." Adati mphini za kumaso kwawo zidali zosiyana ndi za amayi ena, ndipo akakwiya ankayankhula mawu amene palibe ankawamva. Atakula adakwatiwa ndi munthu yemwe adawaombolayo, nabereka ana anayi. Mawu akuti kapolo agogo sadawatchule, koma tonse awiri tidadziwa kuti ndi amene adali pakati pathu.

Apa zonse zidalumikizana. Njira ija ya minyanga inkadutsanso anthu ogwidwa. Ambiri ankapita nawo kunyanja nkuwawolotsa, koma ena, makamaka atsikana, ankatsala m'midzi ya m'njira. Kwa mwamuna wa Chichewa mkazi wotere adali wamtengo wapatali. Ana a mkazi mfulu ndi a kwa malume awo, koma ana a mkazi wopanda abale ankakhala m'mudzi mwa bambo awo, nachulukitsa anthu ake. Ankadya limodzi ndi ena, kuvinidwa limodzi, kuikidwa m'manda amodzi. Kusiyana kunkaonekera pa chinthu chimodzi, ufumu, chifukwa ufumu umatsata mimba ya mlongo wa mfumu. Ndicho chimene mayi uja adatanthauza mu 1996, ndipo potsata mwambo sadalakwe.

Sindikubisirani anzanga, ndidachita manyazi. Ndidakula ndikudzitcha mwini nthaka, ndipo nthawi zina ndinkayang'ana matenanti ochokera ku Mulanje, ku Thyolo kapena ku Mzimba ngati anthu ongobwera. Kwa miyezi ingapo makaseti aja sindidawakhudze. Chidandisintha maganizo ndi kuwerenga. Ndidatenga pepala lalikulu nkuyamba kulemba ana a mayi uja, zidzukulu ndi zidzukulutudzi, mothandizidwa ndi amayi anga amene tsopano adamasuka kuyankhula. Tidafika pa anthu oposa 70. Muli alimi, aphunzitsi, namwino, msilikali ndi ine mlembi wa nkhaniyi. Mtsikana amene adafika wopanda mbale ndi mmodzi yemwe adasiya mbumba yaikulu kuposa mabele ena a m'mudzimo. Adasamuka nawo pa nthawi ya kaodzera ali nkhalamba, adalima nawo dimba loyamba padambo lija, ndipo ndiye adayamba kugona m'manda a malo atsopanowo. Ngati tifunsa za anthu oyamba kukhala pamenepo, dzina lake silingasiyidwe.

Komanso tikabwerera m'mbuyo mokwanira, ndani sadachokere kwina? Mbiri ya Achewa yomwe imanena kuti Amaravi adachokera ku Uluwa, m'dziko limene lero ndi Congo, nadzapeza Akafula ali kale m'dziko muno. Pambuyo pake kudabwera Angoni, amalonda a Chibiza ndi a Chiswahili, aphunzitsi a mishoni, ndipo m'masiku athu ano matenanti a fodya. Zigwa za Kasungu zalandira onsewa. Amene akufuna kuwerenga zambiri apeze buku la Samuel Nthara lotchedwa Mbiri ya Achewa, komanso zolemba za Pulofesa Kings Phiri, amene adafufuza mbiri ya Achewa pofunsa anthu okalamba m'midzi.

Agogo adamwalira mu 1998. Asadamwalire adandiuza dzina lenileni la mayi uja, limene adabwera nalo kuchokera kwawo. Sindililemba pano chifukwa abale ena sadakonzeke kuti limveke pagulu, koma mwana wanga wamkazi adalipereka kwa mwana wake woyamba. Mudzi umene mayiyo adabadwira sindidaupeze, ndipo ndikuganiza kuti sudzapezeka. Ndikadachedwa zaka ziwiri zokha, ngakhale dzinalo likadapita nawo kumanda.

Tsono kwa inu anzanga, makamaka achinyamata amene mwatuluka posachedwa, ndili ndi malangizo ochepa amene ndidawaphunzira movutikira. Yambani ndi amayi okalamba, ndipo werengani mzere wa amayi musadayambe wa abambo. Musawafunse chaka, afunseni chimene chidachitika, monga njala ya 1949 kapena kubwera kwa Kamuzu mu 1958, chaka mudzaikapo nokha. Pa munthu aliyense funsani mayina ake onse, laubwana, lachinamwali, laubatizo ndi lakuntchito. Pitani kumabwinja ndi munthu wamkulu mitengo isadathe, ndipo kumanda musalowe popanda chilolezo cha mfumu. Musayembekezere kumva zonse paulendo woyamba. Pitani ndi shuga ndi sopo, khalani, gonani komweko. Masiku ano foni ya m'manja imajambula mawu bwino kuposa wailesi yanga ija, koma akakuuzani kuti zimitsani, zimitsani. Pomaliza, konzekerani kupeza zimene simudaziyembekezere, ndipo musafufuze ndi cholinga chokalimbirana ufumu kapena malo.

Akulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Agogo amene ali moyo lero ndiwo fodya wapamphuno. Ndipempha komiti yathu kuti pamsonkhano wapachaka tidzapatule nthawi yoti amene afufuzapo za makolo awo adzatifotokozere. Ine ndidzabwera ndi pepala langa lija, ngakhale tsopano lang'ambika m'makona.

Ine mnzanu wakale wa ku Kasungu.