Mbewu zopirira anematodi

Mbewu zopirira anematodi ndi mbewu zimene akatswiri azisintha majini, kaya pokwatitsa mitundu kaya mu labotale, kuti anematodi, tinyongolotsi tam'nthaka tosaoneka ndi maso, asamadye ndi kuswana m'mizu yake.

Anematodi oononga kwambiri m'madera otentha ndi a mtundu wa Meloidogyne. Amaboola muzu, n'kukhazikika m'kati mwake, muzuwo n'kutupa mfundomfundo. Chomera chimapinimbira ndipo chimafota dzuwa likaswa mtengo ngakhale dothi lili lonyowa. Matimati, fodya ndi therere zimagwidwa msanga.

Jini yodziwika bwino yothandiza mbewu kupirira anematodiwa ndi Mi. Inachokera ku matimati am'tchire a ku South America, Solanum peruvianum, ndipo inalowetsedwa m'matimati olimidwa m'zaka za m'ma 1940. Mu 1998 ofufuza a ku University of California, Davis, anaipatula. Nematodi ikalowa m'muzu wa mbewu yokhala ndi jiniyi, maselo oizungulira amafa mwamsanga, iyo n'kusowa chakudya. Mphamvu ya jiniyi imachepa dothi likatentha kupitirira madigiri 28.

Njira ina ndi yoika m'mbewu jini yopanga cystatin, puloteni yolepheretsa nematodi kugaya chakudya. Ofufuza a University of Leeds ndi bungwe la IITA anaiyesa pa nthochi zophika m'munda wotchingidwa ku Uganda, pogwiritsa ntchito cystatin ya m'chimanga. Palinso njira ya RNAi, yozimitsa majini a nematodi yeniyeniyo ikamayamwa muzu.

Mawu ogwirizana: kasinthasintha wa mbewu, mankhwala ophera anematodi, GMO. Mbewu yopirira mtundu umodzi wa nematodi ikhoza kugwidwabe ndi mtundu wina.