Injini ya mu 1812 yomwe ikupopabe madzi ku Crofton

Ku Crofton, m'chigawo cha Wiltshire m'dziko la England, kuli nyumba ya njerwa yosungiramo injini ziwiri zakale zoyendera nthunzi. Yoyamba idapangidwa ndi kampani ya Boulton and Watt mu 1812, ndipo imadziwika kuti pa injini zonse za mtundu wake ndiyo yakale kwambiri imene ikugwirabe ntchito yomwe adaipangira pamalo pomwe adaiika. Inzake idachokera ku kampani ya Harvey ya ku Hayle mu 1846.

Injinizi zidabwera chifukwa cha vuto la madzi. Ngalande ya Kennet and Avon, imene adaikonza ndi katswiri John Rennie n'kuitsegula mu 1810, ndi mbali ya njira ya maboti ya makilomita 140 yolumikiza Bristol ndi Reading. Maboti amakwera mtunda podutsa m'zipata za madzi, koma boti lililonse likadutsa, madzi ochuluka amatsikira kumunsi. Pamwamba pa mtunda panalibe akasupe okwanira, choncho padafunika makina obwezera madziwo.

Kagwiridwe kake ka ntchito n'kosavuta kumvetsa. Moto wa malasha umawiritsa madzi m'thanki, ndipo nthunzi imakankha pisitoni m'silinda. Pisitoniyo ndi yomangidwa kunsonga ya mtanda wachitsulo wolemera matani 6, pomwe kunsonga inayo kuli pampu. Mtandawo ukapendekeka kamodzi, madzi okwana pafupifupi tani imodzi amakwera mamita 12, kenako amayenda m'kangalande kakang'ono mpaka pamwamba pa mtunda.

Kubwera kwa sitima za pamtunda kudafooketsa malonda a pangalande, ndipo mu 1852 kampani ya njanji ya Great Western Railway idagula ngalandeyi. Injinizo zidapitiriza kupopa mpaka 1959, pomwe chumuni idawonongeka n'kufupikitsidwa, moto n'kusiya kuyaka bwino. Zikadatha kugulitsidwa ngati zitsulo zakutha, koma mu 1968 bungwe la Kennet and Avon Canal Trust lidagula malowa. Anthu ongodzipereka adazikonza, ndipo mu 1970 injini ya 1812 idadzukanso.

Masiku ano madzi amapopedwa ndi mapampu amagetsi. Pamasiku osankhidwa m'chaka amawazimitsa n'kusonkha moto, kuti alendo aone injini zakalezo zikudzaza ngalande. Mu 2009 mapampu amagetsiwo atawonongeka, injini za nthunzi ndi zomwe zidathandiza kuti maboti asaime.

Chovuta kusunga kuposa zitsulozo ndi luso la anthu. Kusonkha moto m'thanki, kutsegula mavavu panthawi yake ndi kuzindikira vuto pongomvera kulira kwa injini, munthu amaziphunzira ataima pambali pa wodziwa. N'chifukwa chake osamalira malowa amayendetsabe injinizo m'malo mongozipukuta fumbi.