ZOSUNGA MUMTIMA NDI ZONENA POYERA: PHUNZIRO LA M'MBIRI YATHU

Pa chaka chachikondwerero ngati chino timakonda kukumbukira ntchito zooneka ndi maso: odwala amene tidaŵayendera, maliro amene tidagonera, ana amasiye amene tidaŵaveka. Zonsezi nzabwino. Koma m'mbiri ya Chigwirizano muli chuma china chimene sichidalembedwe m'buku la mlembi, ndicho nzeru ya amai athu akale yodziŵa nthaŵi yolankhula ndi nthaŵi yokhala chete pa zinthu zimene Mulungu adaŵaonetsa. Masiku ano loto la usiku limafika pa mafoni a anthu ambirimbiri dzuŵa lisanakwere. Nchifukwa chake tati tibwerere m'mbuyo, tione mmene nkhani ya maloto, masomphenya ndi maumboni idayendera pakati pa Akhristu a dera lathu lino ndi oyandikana nafe.

MASIKU A LIVINGSTONIA

Ambiri mwa atsikana athu sadziŵa kuti Uthenga Wabwino sudafike kuno kwa Kaomba kuchokera ku Nkhoma. Udachokera kumpoto. Mishoni ya Kasungu idatsegulidwa ndi a Livingstonia, ndipo Dotolo George Prentice adakhazikika kuno m'chaka cha 1900. Ndi m'zaka za 1923 ndi 1924 pamene ntchito ya Kasungu idaperekedwa m'manja mwa amishoni a Dutch Reformed a ku Nkhoma. Tsono zimene zinkachitika ku Ekwendeni ndi ku Loudon m'zaka zoyambazo ndi mbiri ya banja lathu lomwe.

M'chaka cha 1898 Mbusa Donald Fraser adaitanitsa msonkhano waukulu wa Mgonero ku Ekwendeni. Kudasonkhana anthu ngati 4,000, ena atayenda masiku angapo pansi. Mitima idatenthedwa kwambiri pa misonkhano ya zaka zimenezo, kotero kuti anyamata ena ankachezera kuthengo usiku wonse akupemphera, osadya, osagona. Kutacha ankabwera kwa Fraser kudzanena kuti aona zinthu zoŵala zonga angelo. Fraser mwini wake adasimba kuti adaŵapatsa mankhwala a kuchipatala naŵauza kuti akagone.

Ife lero tingathe kunena kuti mwina mbusayo adafulumira, pakuti si masomphenya onse amene amadza ndi njala ndi tulo. Komabe mfundo yake idali yoona: thupi lotopa limatha kunamiza mwini wake, ndipo chimene munthu waona usiku chiyenera kuyamba chagonera chisanalengezedwe. Tionenso kuti anyamatawo adachita bwino pa chinthu chimodzi. Sadathamangire m'midzi kukadzitcha aneneri. Adayamba apita kwa mbusa wao.

M'chaka cha 1910 kudabwera mlaliki wa ku England, Charles Inwood, wa gulu la Keswick. Pa msonkhano wa ku Loudon, kumene lero timati Embangweni, khamu lonse lidagwidwa ndi kulira kwakukulu, ndipo anthu adaulula machimo ao mokweza. Ambiri adatembenuka mtima moona. Koma amishoni eni ake sadagwirizane pa zimenezi: ena adakondwa, ena adachita nazo mantha. Funso limene lidabuka masiku amenewo tikadali nalo mpaka lero. Munthu akaulula tchimo pagulu, kaŵirikaŵiri saulula lake lokha. Mai wonena za chigololo chake poyera watchulanso mwamuna wa mnzake, ndipo ana a mabanja aŵiri asenza manyazi amene sadaŵapemphe.

ZIMENE AMAI ADABWERA NAZO

Pamene Chigwirizano cha Amai chinkayamba mu Sinodi ya Nkhoma m'chaka cha 1940, amai athu sadaloŵemo chimanjamanja. Adali Acheŵa oleredwa ndi anamkungwi, odziŵa kuti mau ali ndi nthaŵi yake ndi mwini wake. Mtsikana akaima koyamba sankalengeza pamtondo kapena kudambo. Ankakhala duu mpaka amai aakulu atabwera kudzamlanga pa chisamba. Sikuti pakati padali pochititsa manyazi ai, koma chinthu chamtengo wapatali chikadali chanthete sachiika padzuŵa.

Eklesia utaika chilangizo m'malo mwa chinamwali chakale, alangizi achikhristu adasiya zambiri zosagwirizana ndi Mau a Mulungu, koma nzeru iyi adaisunga. Ndipo poŵerenga Buku Lopatulika, limene lidasindikizidwa m'chaka cha 1922, adaipezamo nzeru yomweyo. Elizabeti atalandira mdalitso wa mwana muukalamba wake adabisala miyezi isanu (Luka 1:24). Maria atamva mau a mngelo sadaime pamsika wa ku Nazarete, koma adanyamuka ulendo wa kumapiri kukaonana ndi mai wamkulu mmodzi woopa Mulungu. Ndipo Luka akutiuza kaŵiri konse, pa 2:19 ndi pa 2:51, kuti Maria ankasunga zinthuzo mumtima. Mtumwi Paulo naye adakhala zaka 14 ndi masomphenya ake a kumwamba, ndipo ngakhale pamene adaŵatchula kwa Akorinto adalankhula ngati akunena za munthu wina (2 Akorinto 12). Koma Yosefe, ali mnyamata wa zaka 17, adafulumira kusimbira abale ake maloto oona ndithu, ndipo chidani chao chidakula (Genesis 37). Malotowo adali ochokera kwa Mulungu, koma makutu amene adaŵalandira sadali okonzeka.

Amene tidakula m'manja mwa amai oyambawo tikukumbukira mmene ankachitira. Mai akalota loto lomsautsa ankapita m'mamaŵa kwa mai mlangizi kapena kwa amai abusa. Iwo ankamvetsera mpaka kumapeto, osamdula pakamwa. Kenaka ankapemphera naye, nkumuuza kuti apite akadikire, abwerenso Sabata likudzalo. Maloto ambiri ankathera pomwepo. Ena ankasanduka ntchito: mai uja ankakapepesa mnzake amene adayambana naye, kapena kuyamba kuyendera nkhalamba ina yosiyidwa. Oŵerengeka okha ndiwo ankafika kwa abusa ndi akulu a mpingo.

PHUNZIRO LA KUTSIDYA KWA MALIRE

Chitsanzo chachikulu cha zaka zapakati chidachokera kwa anansi athu a ku Zambia. M'chaka cha 1953 mai wina wa m'boma la Chinsali, Alice Lenshina, adadwala kwakayakaya, ndipo atatsitsimuka adanena kuti adakomana ndi Yesu amene adamtuma ntchito. Poyamba adachita mwadongosolo. Adapita ku mishoni ya Lubwa, imene idali mphukira ya Livingstonia monga Kasungu, nakafotokozera Mbusa Fergus Macpherson. Mbusayo sadamnyoze, ndipo adambatiza chaka chomwecho. Lenshina adapeka nyimbo zokoma za m'chinenero chake, nalimbikitsa anthu kutaya zithumwa ndi nyanga.

Koma mbiri ya masomphenya ake itawanda, makamu adayamba kukhamukira kumudzi kwake, ndipo pofika 1955 iye ndi omtsatira adali atapatukana ndi mishoni. Mpingo wao wa Lumpa udafalikira mpaka ku Lundazi, kutsidya kwa malire athu akuno. M'chaka cha 1964 mkangano wa pakati pa a Lumpa, chipani cha UNIP ndi boma udasanduka nkhondo, ndipo anthu oposa 700 adafa. Lenshina adakhala zaka zambiri ali m'manja mwa boma mpaka adamwalira mu 1978.

Sitikuti mwazi wonsewo udakhetsedwa ndi masomphenya a mai mmodzi. Ndale za masiku amenewo zidali ndi mbali yaikulu, ndipo sikwathu kuweruza zimene iye adaona. Chimene tikuphunzirapo nchakuti masomphenya akatuluka pakamwa salinso a mwini wake. Khamu limaŵatenga, nkuŵakuza, nkupita nawo kumene wolotayo sadaganizeko.

Zofanana nazo tidaziona m'dziko lathu lino m'chaka cha 1995, pamene bambo Billy Chisupe a ku Machinga adanena kuti adalota mtengo wochiza Edzi. Anthu zikwi mazanamazana adapita kukamwa mchape umenewo, ena atagulitsa katundu kuti apeze ya ulendo. Bamboyo sankalipiritsa, koma matendawo sadathe, ndipo tidapitirira kuika abale athu m'manda kufikira mankhwala otalikitsa moyo atayamba kuperekedwa ulere mu 2004. Munthu angathe kukhala woona mtima, loto lake nkusokeretsabe anthu.

ZAKA ZA FODYA NDI ZA CHITSITSIMUTSO

M'zaka za m'ma 1970 dera lathu lidasintha. Maesiteti a fodya adachuluka m'zigwa za Kasungu, ndipo kudabwera matenanti ndi antchito ochokera m'maboma ambiri, aliyense ndi mapempheredwe a kwao. Nthaŵi yomweyo ku Blantyre kudabuka chitsitsimutso cha obadwanso mwatsopano, chimene chidafalikira m'masukulu ndi m'matauni. Kuchitira umboni pagulu kudakhala chinthu chozoloŵereka. Tisaiŵale zabwino zimene zidadza nacho: amai ambiri amene kale ankangokhala chete kumbuyo adaphunzira kupemphera mokweza ndi kunena molimba mtima za Mpulumutsi wao.

Koma pamodzi ndi tirigu padameranso namsongole. Umboni udayamba kukhala ngati mpikisano, ndipo mai amene sadalotepo kanthu ankadziona ngati Mkhristu woperewera. Choipa koposa chidali maloto otchula anthu maina. Ife eni ake tili ndi bala pa nkhani imeneyi, ndipo tiyenera kulivomera. Pa msonkhano wathu wina, mai wina adaimirira nkunena kuti adalota mnzathu wamasiye ataima pakhomo pake usiku. Sadatchule mau akuti ufiti, koma tonse tidamva chimene ankatanthauza, ndipo palibe mwa ife adamletsa. Sabata lotsatira mai wamasiyeyo adakhala yekha pabenchi. Kenaka adaleka kubwera, ndipo adzukulu ake ankaloozedwa zala kumjigo. Padapita zaka ziŵiri tisanapite kukagwada pakhomo pake. Adatikhululukira, koma zaka ziŵirizo sitidathe kumbwezera. Loto lija likadayamba lafika kwa mai mlangizi, likadathera m'pemphero la anthu aŵiri.

Ife a kuno timadziŵa fodya. Wochiza fodya wa m'balani amatseka chitseko pafupifupi sabata yathunthu, nkumasonkhezera moto pang'onopang'ono. Akatsegula msanga pofuna kuonetsa anzake, tsamba limaonongeka ndipo kumsika limagulidwa motchipa. Zimene Mulungu watipatsa m'tseri nazonso zimafuna nthaŵi kuti zikhwime. Akulu adati kuona maso a nkhono nkudekha.

KUKHALA CHETE KUMENE SIKULI KWA MULUNGU

Tisamvane molakwa, amai. Si kukhala chete konse kumene kuli koyera. Amene tidakhalapo m'zaka za chipani chimodzi tikudziŵa chete wa mantha, pamene munthu ankayamba wayang'ana uku ndi uku asanayankhule, kufikira kalata ya Aepiskopi a Katolika ya pa 8 Malichi 1992 idatsegula pakamwa pa anthu ambiri. Chete wotere si wa Maria. Mai amene akumenyedwa m'nyumba, kapena amene akudziŵa kuti mwana akuchitidwa zoipa, asanene kuti akusunga mumtima. Ameneyo anene, ndipo ife timthandize kufika kwa oyenera. Paja mbeŵa ya manyazi idafera kuuna.

Ndiponso Uthenga Wabwino weniweniwo sitiubisa. Amai a kumanda adatumidwa kukanena kuti Ambuye wauka. Mai wa ku Samariya adasiya mtsuko wake nakaitana mudzi wonse. Munthu wa ku Gerasa adauzidwa kuti apite kwao akasimbe zimene Ambuye adamchitira (Marko 5:19). Koma Yesu yemweyo adalamula ophunzira atatu kuti asanene za ulemerero umene adauona paphiri kufikira Iye atauka kwa akufa (Mateyu 17:9). Wolamula kunena ndi wolamula kudikira ndi mmodzi, ndipo ntchito yathu ndi kuzindikira chimene akutilamula lero.

CHOLOŴA CHATHU

Tikaphatikiza zonse zimene mbiri yatiphunzitsa, tipeza kuti amai athu adali ndi malo atatu oikamo zimene Mulungu adaŵaonetsa. Oyamba ndi mumtima, kwa zinthu zimene zidadza kudzatonthoza kapena kudzadzudzula mwini wake yekha. Achiŵiri ndi khutu la mai wamkulu mmodzi kapena la abusa, kwa zinthu zosautsa, zosamveka bwino, kapena zokhudza munthu wina. Achitatu ndi pamaso pa mpingo, kwa zinthu zimene zayesedwa ndi Mau a Mulungu monga 1 Yohane 4:1 atilangizira, ndipo zapezeka kuti zimanga onse.

Tsono mai asanaimirire pamsonkhano, kapena asanatumize uthenga pa WhatsApp, adzifunse mafunso aŵa. Kodi anthu akamva adzatama Yesu kapena adzatama ine? Kodi muli dzina la munthu amene sali pano kuti adziyankhire? Kodi ndauzako mai wamkulu woopa Mulungu? Kodi ndikadikira mwezi umodzi chidzaonongeka nchiyani?

Kwa inu amai aakulu pempho lathu ndi ili: khalani anthu osunga chinsinsi, monga Tito 2:3 afunira kuti tisakhale osinjirira. Atsikana athu amathamangira kugulu chifukwa kaŵirikaŵiri sapeza Elizabeti woti amuuze zakukhosi, nkhaniyo osamveka kuchigayo maŵa lake. Ambiri mwa amai amene adayambitsa Chigwirizano kuno kwa Kaomba adagona osatisimbira zonse zimene adaona m'mapemphero ao a mbandakucha. Tidangoona zipatso zake: mabanja oyanjanitsidwa, odwala osambitsidwa, ndi ife amene tidaleredwa m'manja mwao. Ambuye atithandize kuti nafenso tidziŵike ndi zipatso zotere.