Zigoli Zimene Sizinalowe M'nyuzi

Ku Mangalande mpira unakulira pantchito. Timu imene lero timaitcha Manchester United anaiyambitsa ndi antchito a njanji ku Newton Heath mu 1878, ndipo tinyuzi ta m'matauni a kumeneko tinkalemba zigoli sabata ndi sabata.

Kwa Kapelula, kuchimake kwa fodya ku Kasungu, nako mpira unakulira pantchito. Ana a matenanti, atasoka fodya sabata yonse, Lamulungu ankathamangitsa chikulunga pabwalo la sukulu, opanda nsapato. Koma analemba ndani? Daily Times ndi Malawi News zinali za ku Blantyre. MBC, wailesi yokhayo m'dziko muno kufikira m'ma 1990, inkatiuza za Kinnah Phiri ndi chikho chimene Malawi inatenga mu 1978 ndi 1979. Tinkamvera Bata Bullets ikulimbana ndi Limbe Leaf Wanderers, timu yotchedwa dzina la kampani yogula fodya. Fodya wathu yemweyu, abale!

Zigoli za kumudzi zinkayenda pakamwa basi: kuchigayo, kuchitsime, ngakhale pamaliro. Lero madala awiri amene anasewera limodzi amakangana kuti anagoletsa ndani tsiku lija, ndipo pepala loti liwaweruze palibe.